Mabuleki a F-150 ya 1994 akukana kulimba: kodi ndichotse valavu ya RABS?

Wa ku South Bend, kumpoto kwa Indiana ku America, analemba:

Moni nonse, akuluakulu. Ndabwera ndi vuto limene landidyera masabata atatu tsopano, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo mabuleki a mapikapu akale a kuno ku America. Ndili ndi Ford F-150 ya 1994, yokoka ndi matayala akumbuyo okha, ya injini ya masilinda 6 ya malita 4.9, ndipo ndi imene ndimanyamulira makina otchetchera kapinga ndi katundu wina wa ntchito yanga. Mwezi watha paipi yachitsulo yopita kumbuyo inabooka chifukwa cha dzimbiri, pakuti kuno nyengo yachisanu amathira mchere m'misewu ndipo mcherewo umadya chilichonse chimene chili kunsi kwa galimoto. Mafuta a mabuleki anatayika mpaka kabotolo ka pamwamba pa master cylinder (silinda yaikulu imene pedulo ya buleki imakankha kuti mafuta apite ku matayala) kanatsala pang'ono kuuma.

Ndinaika paipi yatsopano, ndinasinthanso masilinda awiri a m'madiramu akumbuyo chifukwa tinipo take totulutsira mpweya tinali titaumirira, ndipo titaona kuti pedulo sikulimba ndinagulanso master cylinder yatsopano. Mpweya tatulutsa kanayi, mphwanga akupopa pedulo ine ndili kunsi ndi sipanala, kuyambira tayala lakumbuyo lakumanja mpaka lakutsogolo lakumanzere. Mafuta akutuluka oyera, opanda thovu ngakhale pang'ono. Koma ndikaliza injini n'kuponda buleki, pedulo imagwira kaye pamwamba, kenaka imayamba kutsika pang'onopang'ono pansi pa phazi langa, n'kukaima pafupi ndi pansi. Galimoto imaima ndithu, koma sindingailole kulowa mumsewu ili chonchi, makamaka ikakhala ikukoka ngolo.

Mnansi wanga wina akuti vuto ndi valavu ya RABS (ABS ya matayala akumbuyo okha, imene imawaletsa kusiya kuzungulira mukaponda buleki mwamphamvu) imene ili pa chasisi mbali ya dalaivala, ndipo akundiuza kuti ndingoichotsa n'kulumikiza mapaipi awiriwo, chifukwa iye anachita zomwezo pa galimoto yake ndipo sanadandaulepo. Mafunso anga ndi awa. Kodi pali njira yapadera yotulutsira mpweya m'valavu imeneyi imene ine sindikuidziwa? Kodi kungozula waya wake sikungathetse nkhaniyi? Ndipo ngati kuchotsa kuli koyenera, kodi sindingapezerepo mwayi woika mabuleki a disiki kumbuyo, kuti madiramu ndisiyane nawo?

Makaniko wa ku Biwi anayankha:

Achimwene, pepani ndi vutolo. Ine ndili ku Lilongwe, ndipo ma F-150 sabwerabwera pagalaja pathu, choncho za valavu yanuyo ndisiyira anzathu ali komweko. Koma pedulo imalankhula chinenero chimodzi pa galimoto iliyonse, ndipo mmene mwafotokozeramu sindikukhulupirira kuti mukulimbana ndi mpweya.

Mpweya ukakhala m'mapaipi, pedulo imakhala yofewa kuyambira pachiyambi, ngati mukuponda thonje, ndipo mukaipopa kawiri kapena katatu imalimbako. Ma shoe akumbuyo, amene amafinya diramu kuchokera mkati, akatalikirana ndi diramuyo, pedulo imatsika mtunda wautali popanda kugwira kanthu, koma ikafika pogwira imalimba gwa, ndipo mukapopa kachiwiri imagwirira pamwamba. Pamene pedulo yagwira bwino kenaka n'kumatsika yokha phazi lili pomwepo, ndiye kuti mafuta akuthawira kwina. Mwina akudontha panja, mwina akudutsa pa maraba a mkati mwa master cylinder, mwinanso pali malo ena m'kati mwa dongosololi amene akuwalandira. Mukhoza kubulida, ndiko kutulutsa mpweya, mpaka botolo lachisanu, koma vuto lotere silisuntha.

Ndikanakhala ine ndikanayamba ndi zinthu zosalira ndalama. Pukutani malo onse olumikizira mapaipi aume, wina aponde buleki mwamphamvu kwa mphindi yathunthu, inu muyendetse chala pamfundo iliyonse, makamaka pa paipi imene mwaika kumeneyo. Chotsani madiramu muone ngati masilinda atsopanowo sakunyowa kuseri kwa timaraba take, ndipo musanabwezere madiramuwo sendezani ma shoe ndi kagudumu kake ka mano kowasendezera mpaka azikhudza diramu pang'ono potembenuza ndi dzanja. Anthu ambiri akasintha masilinda amabweza ma shoe mkati kuti diramu ilowe mosavuta, n'kuiwala kuwasendezanso. Mukatero, masulani mapaipi pa master cylinder, mutseke mabowo ake ndi zotsekera za mazinga oyenera, ndipo muponde. Pedulo ikalimba ngati mwala n'kukhala pomwepo, master cylinder ilibe mlandu. Ikatsikabe, ibwezeni kumene munagula, chifukwa chinthu chatsopano nachonso chimatha kubwera chili chowonongeka. Ndifunsenso: kodi munaitulutsa mpweya ili pa benchi musanaimangirire pa galimoto? Imeneyi ndi ntchito imene ambiri amailumpha.

Pa nkhani yochotsa valavu ndinenepo zimene ndimaona kuno. Ma Hilux ambiri akale ali ndi valavu kumbuyo, yomangidwa pa chasisi, yokhala ndi kandodo kofika pa ekiselo. Si yamagetsi ngati yanuyo, koma ntchito yake ndi yofananako: galimoto ikakhala yopanda katundu imachepetsa mphamvu yopita ku mabuleki akumbuyo, ikalemedwa imawonjezera. Valavu imeneyi ili ndi kanipo kakekake, ndipo amakaniko amene sakudziwa amabulida matayala anayi okha n'kumadabwa kuti pedulo sikulimba. Ena akatopa nayo amaimanga ndi waya kapena kuichotseratu. Galimoto zoterozo zimaima bwino zikanyamula matumba a chimanga, koma tsiku limene zikubwerera zopanda kanthu pa phula lonyowa, matayala akumbuyo amauma msanga, kusiya kuzungulira, ndipo kumbuyo kumafuna kupitirira kutsogolo. Pikapu ndi yopepuka kumbuyo, ndipo amene anaipanga ankadziwa zimenezo.

Wa ku Dallas anayankha:

Bambo a ku South Bend, a ku Biwi anena zoona pa nkhani ya pedulo, ndipo ine ndingopitiriza pamene iwo alekezera. Ndagwira ntchito zaka zambiri pagalaja yokonza mapikapu a makampani omanga, ndipo dongosolo limeneli ndalimasula kambirimbiri.

Linapangidwa ndi kampani ya Kelsey-Hayes. Ford inayamba kuliika pa F-Series mu 1987 n'kumalitcha RABS, General Motors inaliika pa mapikapu a Chevrolet ndi GMC mu 1988 n'kumalitcha RWAL, ndipo Dodge nayo inatsatira ndi dzina lomwelo la RWAL. Poyerekeza ndi ABS ya masiku ano, ili ndi losavuta kwambiri: lilibe pampu, ndipo matayala awiri akumbuyo limawatenga ngati chinthu chimodzi. Pa Ford yanuyo sensa ili pamwamba pa difu, ndipo imawerenga mano a mkombero wachitsulo umene umazungulira limodzi ndi giya yaikulu ya m'difumo. Kakompyuta kakaona kuti liwiro la matayala akumbuyo likugwa mofulumira kuposa mmene galimoto ingaimire, kamalamula valavu imene mukunenayo.

M'kati mwa chitsulo chimenecho muli mavalavu awiri amagetsi ndi kachipinda kamodzi. Valavu yoyamba imakhala yotsegula nthawi zonse, kulola mafuta kupita kumbuyo, ndipo imatseka pokhapokha matayala akafuna kuuma, kuti mphamvu isapitirire kukwera. Yachiwiri imakhala yotseka nthawi zonse, ndipo imatsegula kwa kanthawi kochepa kwambiri kuti mafuta ena achoke ku mabuleki akumbuyo n'kulowa m'kachipinda kaja, kamene amakatcha accumulator, momwe muli pisitoni yotsamira sipuling'i. Mukachotsa phazi pa buleki, sipuling'iyo imakankha mafuta aja kubwerera kumene anachokera. Tsono taganizirani chimene chimachitika kachitsotso kakang'ono ka dzimbiri kakakhala pampando pa valavu yachiwiriyo. Siitsekanso bwino, ndiye nthawi iliyonse mukaponda buleki mafuta amadutsa pang'onopang'ono n'kumakankha pisitoni ija, pedulo n'kumatsika, mpaka kachipindako katadzaza, pamenepo pedulo imaima. Panja sipaoneka dontho lililonse, ndipo mafuta m'kabotolo sachepa, chifukwa onse amabwerera. N'chifukwa chake anthu ambiri amasintha master cylinder kawiri kapena katatu asanaganizire za valavuyi. Paipi yanu inaola ndi dzimbiri, dongosolo linauma, kenaka munapopa mwamphamvu kanayi. Zinyalala zonse za zaka makumi atatu zinadutsa pamenepo.

Izi zikuyankhanso funso lanu la waya. Mukazula pulagi ya valavu kapena ya kakompyuta, ABS imasiya kugwira ntchito ndipo mabuleki wamba amatsala, koma valavu yodontha imadonthabe, chifukwa vuto lake si lamagetsi. Pa chifukwa chomwecho nyale ya pa dashibodi ikhoza kukhala yozima bwinobwino valavu ili yowonongeka. Ndikuchenjezeninso kuti musazule sensa ya pa difu poganiza kuti ndi ya ABS yokha. Pa F-Series kuyambira 1992 sensa yomweyo ndi imene imapereka liwiro ku sipidomita, ndipo ngati muli ndi giyabokosi ya otomatiki ya E4OD, nayonso imadalira uthenga umenewo posintha magiya.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Kumapeto kwa valavu kuli chitsekerero chachikulu cha ngodya zisanu ndi imodzi. Chimasuleni mosamala mutachigwira ndi dzanja, chifukwa kuseri kwake kuli sipuling'i yopanikizika. Kumeneko sikuyenera kukhala mafuta. Chotsani sipuling'iyo, mugwirize pisitoni ndi kandodo kapena sikuludiraiva, ndipo mphwanuyo aponde buleki pang'onopang'ono, osati mwamphamvu, kuopa kuti pisitoni ingatuluke. Pisitoniyo ikayamba kukankha dzanja lanu pamene pedulo ikutsika, mwapeza kumene mafuta akuthawira. Valavu yabwino siilola pisitoniyo kusuntha konse.

Pa zotulutsa mpweya, dongosolo limeneli silifuna kompyuta ya pagalaja ngati mmene zilili ndi ABS zina zamtsogolo. Yang'anani pamwamba pa valavu yanu: zina zili ndi kanipo, zina zilibe. Ngati kalipo, katsegulireni monga mumachitira pa tayala, kenaka mubwerezenso matayala akumbuyo. Ngati palibe, masulani pang'ono nati ya paipi yotulukira wina ataponda pedulo, muimange asanachotse phazi. Ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isamafike pansi penipeni, musalole kabotolo kuuma, ndipo gwiritsani mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 kapena DOT 4 a m'botolo losatsegulidwa kale, chifukwa mafuta amenewa amayamwa chinyezi. A DOT 5 ndi a silikoni, sasakanikirana ndi enawo ndipo sayenera pa galimoto ya ABS.

Wa ku South Bend anayankha:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Loweruka ndinatsata zimene mwanena. A ku Biwi, munalondola pa ma shoe: mbali yakumanzere inali yotalikira kwambiri, ndipo nditaisendeza pedulo inayamba kugwirira pamwambako kuposa kale. Master cylinder ndinaitulutsa mpweya pa benchi ndisanaiike, ndipo nditatseka mabowo ake pedulo inalimba osasuntha ngakhale injini ikulira. Kutsika kuja kunabwereranso nditangolumikiza paipi yakumbuyo.

Kenaka ndinalowa kunsi ndi tochi. Valavu ili ndi kanipo ndithu, kokwiririka ndi matope ndi dzimbiri, moti masiku onsewa sindinakaone. Chitsekerero chija chinavuta, ndinachita kuchithira mafuta osungunula dzimbiri n'kuchisiya usiku wonse. M'mawa mwake nditachotsa sipuling'i ndinaika sikuludiraiva pa pisitoni, mphwanga anaponda pang'ono chabe, ndipo ndinamva chigwiriro chikundikankha m'chikhatho mofanana ndendende ndi mmene pedulo imatsikira. Choncho vuto lapezeka. Funso latsala ndi lomwe lija: ndigule ina, kapena ndilumikize mapaipi?

Dalaivala wakale wa ku Johannesburg anayankha:

Mwana wanga, ine ndine wamkulu pa zaka ndipo ndinayendetsa mabaki, ndiko kuti mapikapu, zaka zambiri ABS isanabwere, choncho maganizo anga mwina asiyana ndi a anzangawa. Galimoto yopanda ABS si galimoto yopanda mabuleki. Tinkaphunzira kumva ndi phazi pamene tayala likufuna kuuma, n'kumasula pang'ono, ndipo nyengo yamvula tinkaika matumba awiri a mchenga pamwamba pa ekiselo yakumbuyo. Valavu yodontha ndi yoopsa kuposa valavu imene palibe, chifukwa imakuberani pedulo pa nthawi imene mukuifunitsitsa. Ngati ndalama ya valavu ina palibe lero, ndipo galimotoyo ndi imene ikukudyetsani, kulumikiza mapaipi bwinobwino kuli bwino kusiyana ndi kuyenda ndi imene muli nayoyo.

Koma ndikati bwinobwino ndikutanthauza zimenezo. Paipi ya mabuleki siilumikizidwa ndi zolumikizira za mipope ya madzi zimene zimangofinya paipi ndi kamphete ka mkuwa. Zimenezo zimagwira pagalaja, n'kudzavuka tsiku limene mwaponda ndi mphamvu zanu zonse mwana atadutsa pamsewu. Mapeto a paipi ayenera kupindidwa kawiri ndi chida chake, ndipo cholumikizira chikhale cha mabuleki, cha mazinga ofanana ndi manati ake. Paipi ya kopa weniweni musaiyandikire. Ndipo mukatero mudziwe mumtima mwanu kuti galimoto yasintha khalidwe, ndipo aliyense amene mungamubwereke kapena kumugulitsa mumuuze.

Za madisiki kumbuyo ndikuti zisiyeni. Pa pikapu yopanda katundu matayala akutsogolo ndi amene amagwira ntchito yaikulu yoimitsa, ndipo akumbuyo vuto lawo si kuchepa mphamvu koma kuchuluka kwake. Madiramu osendezedwa bwino amakwanira.

Wa ku Dallas anayankha:

Bambo a ku Johannesburg, ndikugwirizana nanu pa zolumikizira ndi pa madisiki, koma pa kuchotsa valavu ndiloleni nditsutseko mwaulemu. Mabaki amene inu munkayendetsa sankakumana ndi madzi oundana pamsewu miyezi itatu kapena inayi pachaka. Kumpoto kwa Indiana chipale chimagwa chambiri chifukwa cha nyanja ya Michigan, ndipo mnzathuyu amapita ku ntchito ndi katundu n'kubwerako nthawi zina wopanda kanthu. Ndi zoona kuti akachotsa valavu mabuleki wamba atsala, pamodzi ndi kavalavu kena kogawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Koma kavalavu kameneko sikadziwa ngati galimoto yanyamula kapena ayi. Pa mapikapu amenewa ntchito yoteteza matayala akumbuyo galimoto ikakhala yopepuka inasiyidwa m'manja mwa RABS. Komanso mphwake amene akuthandiza kupopa uja tsiku lina adzaiyendetsa, ndipo phazi lake silinaphunzire zimene lanu linaphunzira. Mavalavu okonzedwanso ku fakitale amapezekabe m'masitolo a zipangizo za galimoto, ndipo mtengo wake sufika pa wa seti ya madisiki. Pali nkhani ya inshuwalansi imenenso munthu ayenera kuilingalira asanachotse chipangizo chachitetezo chimene galimoto inabwera nacho.

Pa madisiki ndiwonjezere chifukwa china. Makalipa, amene amafinya disiki, amafuna mafuta ochuluka kuposa masilinda a m'diramu, choncho mukawaika mumasintha mtunda wa pedulo ndi kagawidwe ka mphamvu, ndipo kawirikawiri mumafunikanso master cylinder ina, valavu yosinthika yogawira mphamvu, ndi njira yatsopano ya handibuleki. Ndi ntchito yotheka, koma ndi ya munthu amene ali ndi malo ndi nthawi yoyesera, osati amene akufuna galimoto ibwerere ku ntchito Lolemba.

Bambo a ku South Bend, musanamange valavu yatsopano tsukani kaye mapaipi. Lolani mafuta atsopano adutse kuchokera ku master cylinder mpaka pa paipi yolowera m'valavu, atayikire m'botolo mpaka ayere, apo ayi zinyalala zomwezo zidzawononga yatsopanoyo. Zulaninso sensa ya pa difu muipukute, chifukwa nsonga yake ndi maginito ndipo imatola tizitsulo ta m'mafuta a difu, zimene zimachititsa kuti ABS izigwira yokha pamene mukuima pang'onopang'ono pa msewu wouma. Mukamaliza kutulutsa mpweya, pitani pamalo a miyala yaing'ono opanda anthu kapena galimoto zina, muponde mwamphamvu pa liwiro lochepa kangapo kuti valavu igwire ntchito, kenaka mubwerere mukatsegulenso kanipo ka valavu ndi tinipo ta matayala akumbuyo. Mpweya wotsalira m'kachipinda kaja umatuluka motero.

Wa ku South Bend anayankha:

Bambo a ku Johannesburg, mawu anu ndawamva ndipo ndinawalingalira usiku wonse, makamaka chifukwa ndalama mwezi uno yavutadi. Chimene chinandigwira mtima ndi cha mphwanga uja, pakuti ndi zoona kuti Lachisanu lililonse ndi iye amene amabweza galimoto kunyumba ngolo itamasulidwa. Ndinagula valavu yokonzedwanso.

Pomasula yakale nati imodzi inakana, paipi inapotokera limodzi nayo, moti ndinachita kudula n'kupanga chidutswa china cha paipi ya mainchesi 3/16. Kupinda mapeto kunandikanika kawiri, kachitatu ndi pamene kunatuluka kosalala, ndipo ziwiri zoyambazo ndinazitaya monga munandichenjezera. Potsuka paipi yochokera kutsogolo munatuluka mafuta abulauni okhala ndi timibulu takuda timene tinadikha pansi pa botolo, ngakhale kuti kumatayala ankatuluka oyera masiku onse aja. Sensa ya pa difu inali ndi ndevu za tizitsulo kunsonga kwake.

Dzulo madzulo tinapita pabwalo la miyala kuseri kwa malo amene timasungira makina. Nditaponda mwamphamvu ndinamva pedulo ikugunda pang'ono pansi pa phazi, matayala akumbuyo anakwekwereza kanthawi kochepa n'kumasuka, ndipo galimoto inaima molunjika. Titabwerera, pa kanipo ka valavu panatuluka timathovu titatu kapena tinayi, kumatayala sikunatuluke kanthu. Tsopano pedulo ikugwira pamwamba ndipo ndaiponda kwa mphindi ziwiri injini ikulira osatsika. Za madisiki ndazisiya. Ndili kunsi kuja ndinaona kuti paipi yodutsa pamwamba pa ekiselo kupita ku tayala lakumanja nayonso yatupa ndi dzimbiri pafupi ndi kachitsulo koigwirizira, choncho galimoto ikhalabe pa majeke mpaka Loweruka, ndikaisinthe imeneyo pamodzi ndi paipi ya raba yapakati.